Madzi Akumwa a Patarau

Mdzukulu wanga akazimitsa njinga yake yamoto pakhomo, fungo la gazolina wotentha limandibweza ku Lifidzi, ndili kamtsikana, nditakhala pamatumba a mbatatesi.

Atate ankayendetsa lole yokalamba ya mzungu wa sitolo, amene tonse tinkamuti patarau. M'mawa inkalira bwinobwino, koma tsiku lina titaima masana panjira ya ku Kalomwe kuti azimayi apakire mbatatesi, inakana kuliranso. Atate anapukusa manivela, chitsulo cholizira injini, mpaka thukuta lili kamukamu. Lole ili zii.

"Azimayi onsewa akankhe!" anakalipa patarau. Panali pachitunda, ndipo ena anali ndi ana kumbuyo.

"Palibe akankhe pano," anatero atate. "Gazolina wawira m'paipi. Ikungofuna madzi."

"Ikapanda kulira, ukakwapulidwa ku boma lero lomwe."

Madzi amene analipo anali akumwa a patarau okha. Atate sanapemphe. Anatenga botolo la madziwo pampando, n'kukulunga mpango wanga papampu ya gazolina, n'kuthirapo onse. Nthunzi inakwera. Tinadikira, azimayi atagwira pakamwa.

Atate anapukusa kamodzi. Lole inatsokomola, kenaka n'kubangula.

Anam'bwezera mzunguyo botolo lopanda kanthu.

"Kwerani, patarau. Mukamwa ku Kalomwe."