Phazi la a Telala

Tsiku limene dokotala anati, "Balali likapitirira chonchi, phazili tidula," mayi wina anatuluka m'chipinda muja. Phazilo linali la amuna ake, a Telala, odwala shuga. Makina awo osokera anali opalasa ndi phazi. Banja lonse linkadya phazi limenelo.

Inu amene mukuona ngati zanu zada, tamvani za mayi ameneyu.

Sukulu anailekeza ku pulayimale atalephera mayeso kawiri. Ntchito yake inali yosesa mu laibulale ya m'tauni. Zaka zisanu ndi zitatu akupukuta fumbi pa mabuku, mumtima mwake ankati buku lolemera ndiye lonena zoona.

Choncho bala litatuluka pa chala chachikulu cha amuna ake, iye anasankha buku la zaumoyo lonenepa kuposa onse, m'katoni ya mabuku amphatso. Anawerenga movutika, chala chili pamzere, mpaka anapeza poti phazi la bala aziliviika m'madzi otentha amchere. Anayamba kuwaviika m'mawa ndi madzulo.

"Onjezerani otentha, amayi," ankatero a Telala. "Awa ndi madzi osambitsira khanda, sindikumva kanthu."

Iye n'kumawonjezera. Sankadziwa kuti shuga anapha kale kumva kwa phazilo. Khungu linkapsa mwini wake akuseka.

Atachoka kwa dokotala kuja, anakakhala kuseri kwa mashelefu, buku lija pamiyendo, misozi ili chuchuchu. Woyang'anira laibulale anamupeza pomwepo. Atamva nkhani yonse, anatsegula tsamba lachiwiri la bukulo n'kuloza chaka.

"Achemwali, bukuli ndi lalikulu kwa inu, linabadwa inu kulibe. Buku la nthano silikalamba, koma la zachipatala limasasa ngati mkaka."

"Nanga labwino lili pati, abwana?"

"Muno mulibe. Ine ndimadziwa poika buku, za matenda ndine mbuli ngati inu nomwe. Koma kuchipatala chachikulu kuli laibulale ya madokotala."

Mayi uja anapita. Pakhomo mlonda anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndinu adokotala?"

"Ndine wosesa."

"Osesa tili nawo kale, mayi."

Mawa lake anabwereranso, anabwezedwa. Mkuja wake chimodzimodzi. Tsiku lachinayi anafika ndi kalata yodinda ya abwana ake, mlonda n'kutsegula akung'ung'udza.

M'katimo munali zii, mabuku onunkhira utsopano. Woyang'anira wake anali bambo wachikulire amene anamwino ankamutcha a Magalasi. Anawerenga kalata ija, anamukokera mpando, n'kumvetsera osamudula mawu. Kenako anasindikiza masamba awiri okha, naitana namwino. Atatuwo anakhala pa tebulo limodzi, kumasulira mzere ndi mzere m'mawu oyankhula kunyumba, mayi uja akulemba ndi pensulo.

Phazi osaliviikanso. Madzi osambitsira aziyamba wawayesa ndi chigongono. Pakati pa zala aziumitsa bwino. Pansi pa phazi aziyang'ana tsiku lililonse. Bala azikamangitsa kuchipatala, mankhwala osadumphitsa, ndipo makina asapalase mpaka litapola.

"Ife sitichiritsa, mayi," anatero a Magalasi. "Timangokuthandizani kuti zimene adokotala akunena zikulowereni."

Mayi uja anayang'ana timasamba tiwiri tija, n'kukumbuka chibuku chake. Anangogwira pakamwa.

Kunyumba nkhondo inali pa makina.

"Telala wosapalasa ndi telala wanji? Anthu akudikira madiresi awo!"

"Phazi lanu likhale pampando, bambo. Langa lilipo."

Kuyambira tsikulo, akaweruka kosesa ankakhala pambali pa amuna ake, iye kupalasa, iwo kuwongolera nsalu.

"Pang'onopang'ono, amayi! Phazi mwaliphika kale, tsopano mukufuna kundisokerera dzanja?"

"Sokani, mwamuna inu, pakamwa sipadwala."

Obwera kudzatenga zovala anayamba kuona timapepala tija. Wina anafunsa za mayi ake a kuthamanga kwa magazi. Wina ananong'ona za chotupa cha m'bere chimene sanauzepo munthu. Anthu ankaopa kufunsa ovala zoyera, koma wosesa sankamuopa. Iye mafunsowo ankawalemba n'kupita nawo kwa a Magalasi, ndipo wa chotupa uja anachita kumuperekeza yekha kwa dokotala.

Mafunso atachuluka, oyang'anira awiri aja anakumana n'kumvana chimodzi. Mu laibulale ya m'tauni anaikamo tebulo pafupi ndi khomo. Lachinayi lililonse a Magalasi ankabweretsa mayankho oona, namwino atawaunika. Pofuna munthu wokhala pa tebulopo, sanayang'ane satifiketi.

"Anthu amamasuka ndi ameneyu," anatero a Magalasi. "Ife timadziwa mabuku, iye amadziwa mantha awo."

Patapita miyezi inayi, dokotala anamasula bandeji. Anayang'ana, anatembenuza phazi, anayang'ananso, kenako anaitana mnzake kuti adzaone. Chala chija chinali chitachotsedwa kale, sichinapulumuke. Koma pamene chinali panali patapola, khungu lili see.

"Phazili ndi lanu, bambo," anatero dokotala. "Amene amalisamalirayo mumugwire ndi manja awiri."

A Telala anavala nsapato. Anaimirira, n'kuyenda okha mpaka panja.

Abale anga, mayiyu analakwitsa, ndipo kulakwitsa kwake kunali kwa chikondi. Koma sanakhale pansi n'kumadzitukwana. Mwina nanunso muli ndi funso limene mukulibisa poti sukulu simunapite nayo patali. Litulutseni. Akakubwezani lero, mawa kagogodeninso. Mtima wanu usagwe, mayankho alipo.