Buku la Malisiti Limene Ndinakwirira mu Mpunga

Anzanga, izi sindinachite kumva kwa munthu ayi, zinandichitikira ine ndemwe kwathu kwa Kuntumanji, nthawi ya chipani chimodzi ija, pamene galimoto ya boma ikaima pakhomo pako anansi onse ankalowa m'nyumba.

Amuna anga anali okhometsa msonkho wa khonsolo. Mayi aliyense wofulula mowa wogulitsa ankalipira, iwo n'kumulembera lisiti, linzake n'kutsala m'buku. Ine sukulu ndinalekera panjira, koma dzina la munthu ndinkatha kuwerenga. Tsiku lina pochapa yunifolomu yawo ndinasuzumira m'bukumo, ndipo dzina la mayi wina wamasiye wa kugombe la nyanja linali mbwee, tsamba ndi tsamba. Kodi dera lonseli wofulula ndi iye yekha? Nanga bwanji abambowa akachokera kumeneko ankafika akuimba mluzu? Nsanje inandigwira, ndinatenga bukulo n'kulikwirira pansi pa mpunga m'nkhokwe, mumtima ndikuti tione ngati apitenso opanda chonamizira.

Amuna anga anasakasaka mpaka kudenga, ine ndikungopeta. Poopa kukanena ku ofesi, anayamba kulemba m'kope wamba. Patatha milungu itatu kunabwera ofufuza ndalama za khonsolo, ndipo atamva kuti buku palibe, anawakweza amuna anga m'galimoto ine ndikuona. Mesenjala anandinong'oneza kuti loya wa khonsolo wati buku la boma likasowa ndiye kuti ndalama zadyedwa, ndipo mlandu wotere ndi zaka kundende. Ndinathamangira kunkhokwe, kufukula mpunga uja, ndinapeza chiswe chadya masamba onse, kwangotsala chikuto. Ndikanauza ndani? Kuulula kunali kudzimangitsa ndekha, ana n'kutsala opanda bambo ndi mayi omwe.

Mawa lake mukudziwa amene anaodira pakhomo? Mayi yemwe uja! Anati wamva za tsokalo, n'kumasula mpango: malisiti ake onse, osakwinyika ngakhale limodzi, pamodzi ndi amene anatolera kwa anzake ofulula. Tinayenda mpaka pa Songani n'kukwera basi ya ku Zomba kumene kunali loya uja, mayiyo patsogolo, ine mkazi mwini ndikutsatira ngati mlendo. Loya uja anayerekeza malisitiwo ndi ndalama zimene amuna anga ankapereka ku khonsolo, zinagwirizana. Anawamasula, koma ntchito inathera pomwepo, ndipo abambowo mpaka anamwalira akukhulupirira kuti bukulo linagwera m'madzi paulendo wa pabwato wa ku chilumba cha Chisi.

Lero ndimavomereza kuti mayi uja mwina anali wofulula wakhama chabe, ngakhale, ndisaname, ndimadzifunsabe kuti mapepala olembedwa ndi mwamuna wa mwini ankawasungiranji mosamala chonchija. Amayi anzanga, nsanje ikakugwirani swani mbale, kaneni kwa ankhoswe, koma pepala la boma musalikhudze. Ine ndinkati ndikutchinjiriza mwamuna wanga kwa mkazi uja, osadziwa kuti ndikumupereka kundende ndi manja angawa, ndipo wokandibwezera anali mkazi yemweyo.