Dzira la kansomba linandiululitsa mimba

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga, ine ndinabisa mimba miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ndikanabisanso ina pakanapanda achemwali anga ndi tinsomba tawo. Sukulu ndinalekezera Sitandade 7, koma izi ndati ndilembe ndithu, mwina wina angapulumutse mwana.

Ndimakhala ku Lirangwe. Amuna anga amachita kabaza wa njinga yamoto pa Chileka. Kwathu kuno mimba yaing'ono saitchula, timati ukaulula msanga a mtima woipa amaimanga. Ndiye nditaima koyamba ndinangoti phee. Chitenje ndinkamangira m'mwamba, juzi la amuna anga osavula ngakhale dzuwa liswe mtengo. Kusikelo sindinkafuna n'komwe, kuopa kuti amayi a pamzere akalengeza kumjigo. Ndinakayamba mimba itaonekera yokha.

Mwana wanga Tadala anabadwa ndi chotupa kumsana, m'munsi umu, chofewa ngati tomato wakupsa. Anatitumiza kuchipatala chachikulu m'tauni, kumene anamuchita opaleshoni. Lero mtsikanayu ali ndi zaka zinayi, amayenda chokoka mwendo atagwira khoma, koma pakamwa ndiye wailesi. Akagwa amadziuza yekha kuti pepa. Anamwino anandifotokozera zambiri nthawi ija, koma mantha anali atanditseka makutu. Ine ndinangogwira chimodzi, choti pali wina anaiona mimba ija.

Choncho mwezi utandidumphanso, wachiwirinso n'kudumpha, ndinalumbira kuti ulendo uno ndibisa zenizeni. Ngakhale bambo a Tadala sindinawauze. Ndikamamusambitsa mwana, chala chimaima pachipsera cha opaleshoni ija.

Achemwali anga aakulu, a Esinati, amagwira ntchito pasukulu ina yaukachenjede m'tauni. Ntchito yawo ndi kutsuka mathanki ndi kudyetsa tinsomba ta aphunzitsi. Pachibale timawaseka kuti amaweta ndiwo zosadyeka, iwo amati ndi ana awo. Loweruka lina anabwera ndi usipa. Atangouika pamoto, ine ndinathawira kuseri kwa nyumba. Pobwerera ndinapeza akundiyang'ana kuyambira kumaso mpaka kumapazi. Anangoti Lolemba tikachoka kokamuonetsa Tadala kuchipatala tikawapeze kuntchito, mwana akaone abale ake.

Tinapitadi. Chipinda chake chinali chofunda, mathanki mbali zonse, muli tinsomba tosafika chala, tamizeremizere ngati mbidzi. Tadala anayamba kutipatsa moni kamodzikamodzi. Achemwali anandiuza kuti m'mawa uliwonse amatola mazira ake ndi kasefa konga ka tiyi, n'kuwaika m'timbale toonekera mkati, n'kulembapo tsiku. Ndi maso angawa dziralo linali kadontho chabe, ngati njere ya mpiru. Kenako anandikhazika pa makina okuza tinthu ting'onoting'ono, iwo amati maikolosikopu, oyang'anira ndi maso onse awiri, nyali ikuwala pansi. Ine ndinaopa kuyandikira.

“Sichiluma, iwe. Tseka pakamwapo, utsegule maso,” anatero.

Kambale koyamba kanali ka mazira a m'mawa womwewo. Dzira linaoneka lalikulu ngati mandimu, loonekera mkati ngati madzi, ndipo pamwamba pa chikasu chake panali timibulu tinayi ngati thovu la sopo. Anati ndidikire. Ndinapukuta Tadala mamina, ndinamumwetsa madzi, ndikamayang'ananso timibulu tija tili tisanu ndi titatu. Palibe anakhudza. Kambale kachiwiri kanali ka dzulo lake. Mmenemo munali kale kanthu kopindika, kamutu, kamchira, msana utandandalika ngati mzere wa chimanga pachitsononkho, ndipo ndikuyang'ana choncho kamchira kanagwedezeka. Kachitatu kanali ka dzana. Inu owerenga, ndinaona maso akuda awiri, ndinaona mtima ukugunda, magazi akuyenda ngati nyerere pamzere.

Achemwali anawerama n'kundinong'oneza: “Dzana kameneka kanali madzi. Ndiye iwe ukuganiza kuti mwana amadikira mpaka a kumjigo aone mimba?”

Mayi wina, mphunzitsi wa pamenepo, anatipeza ndili chiyang'anire. Anandifotokozera mofatsa kuti amaphunzira pa tinsombati chifukwa mazira ake sabisa kanthu, ndipo chiyambi chake chimafanana ndi chathu. Munthu amachedwerapo, koma msana wake umatsekeka m'mwezi woyamba womwewo, mayi akadali kukayika ngati waima. Anati timapiritsi towonjezera magazi timene amapereka kusikelo muli mankhwala othandiza kuti msanawo utsekeke bwino, ndipo nkwabwino kuyamba kumwa usanaime n'komwe.

Ndinawerenga zala pansi pa chitenje. Miyezi iwiri inali itapita. Ndinafunsa ngati ndine ndinamupweteka Tadala. Mayiyo anati palibe anganene motsimikiza, zimagwera ngakhale amene anamwa, koma mapiritsiwo amachepetsa ngoziyo. Panthawiyi Tadala anali atakanikiza mphuno pagalasi la thanki, akuuza nsomba kuti zisakanganirane.

Pobwerera kwathu achemwali anatiperekeza, ndipo m'minibasi, titadutsa Lunzu, ndinalephera kupirira. Ndinati, “Achemwali, ndili ndi pakati.”

“Ndinadziwira pa usipa paja. Ukanakhala dzira la nsomba zanga sindikanavutika nawe chonchi.”

M'mawa mwake achemwali anapempha tchuthi kuntchito, anabereka Tadala, n'kundiperekeza kusikelo. Amayi a pamzere anandiyang'ana pamimba popanda kanthu, ena anaseka, koma palibe anandimanga. Anamwino atamva za Tadala anandipatsa mapiritsi, n'kundilembera kuti ndikaunikidwe m'tauni. Kounikako anati msana ukuoneka bwino. Komabe miyezi yonse yotsalayo ndinayenda ndi mantha, podziwa kuti mwezi wofunika uja ndinali nditautaya kale pobisa.

Tsiku lobereka, mwana atangolira, sindinafunse ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi. Ndinapempha anamwino kuti amutembenuze. Ndinayendetsa chala kuchokera pakhosi mpaka kumatako, pang'onopang'ono, kawiri. Posalala. Achemwali atalowa anachitanso chimodzimodzi. Dzina anamupatsa ndi iwo, Chisomo, koma pakhomo aliyense amangomuti Kansomba, ndipo anayambitsa ndi Tadala.

Ine ndinachita mwayi, si nzeru zanga ayi. Inu musayesere mwayi ngati ine. Mwezi ukangokudumphani pitani kusikelo, ndipo ngati mukufuna mwana kafunseni za mapiritsi aja musanaime. Anzanu a kumjigo abisireni ngati mukufuna, koma anamwino musawabisire, chifukwa inu mukamabisa, mkatimo ntchito siima. Ine m'mawa uliwonse ndimasambitsa ana awiri m'beseni limodzi. Pamsana pa mmodzi chala chimadutsa, pa winayo chimaima, ndipo Tadala amatembenuka n'kundiuza kuti, “Pepani amama, sipakupweteka.”