Oyamba Kuponda Pachilumba

Madala osoka nsapato pakhonde la golosale amaguba ngakhale popita kuchimbudzi, ndipo kasitomala aliyense amamuchitira sawatcha. Pa nkhondo yapachiweniweni, iwowa ndiwo anali oyamba kuponda pachilumba cha adani. Akamafotokoza amaseka mpaka kugwetsa singano.

"Ndinaimirira m'boti muja kuti ndisanze, mwanawe, funde n'kundigwetsera m'madzi! Ndinakuwa kuti, 'Bwerani kuno!' kufuna wondivuula. Anzanga anayesa ndikulamula, onse phava! phava! pambuyo panga, zipolopolo zikulira m'makutu."

Madziwo anali olekeza m'mawondo. Pofika madzulo chilumba chinali m'manja mwawo, ndipo mkulu wa asilikali anaveka madalawo mendulo.

"Iwe, mtima woterewu unautenga kuti?" anafunsa mkuluyo.

"Bwana, zamtima tikambirana bwino. Mfuti yanga ndinaiiwala m'boti."