Ngodya Yopanda Mtanda

Chaka chimene ndinalowa chikamwini kufupi ndi Ludzi, matipate anali atangobwera, ndipo ife anthu wamba tinali titaloledwa kulima fodya wa bale, amene kale anali wa m'maesiteti basi. Apongozi anga aakazi anandipatsa munda kuseri kwa dambo. Sananene zambiri, koma mudzi wonse unkadziwa kuti mkamwini amene anabwera ine ndisanafike anamupirikitsa chifukwa cholephera khasu. Fodya ameneyu ndiye anali woti andisunge pamudzipo, ndipo ndisaname, ndinkaopa.

Tsiku lina ndikupalira ndinapeza kamtanda kolukidwa ndi kanjedza wouma, kozikidwa pangodya ya munda. Ndinayesa wina wanditchera mankhwala. Nditamuuza mkazi wanga, anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Inunso! Ndi amayi amenewo," anatero. "Ndi kanjedza wodalitsidwa uja timalandira kutchalitchi Pasaka akamayandikira. Amamusunga kudenga, mvula ikayamba amakamuika m'munda kuti Mulungu atchinge matalala."

Kumpingo kumene ndinakulira tinkaphunzira ndithu kuti Mulungu amasunga anthu ake, koma zozika timitanda m'mizere sindinazionepo. Ndinauzungulira munda wonse. Ngodya zitatu zinali ndi timitanda, yachinayi ng'oo, mulibe. Apa ndiye mafunso anandigwira. Kodi chitetezo cha Mulungu chimathera pamene wathira, ngati feteleza? Nanga matalala akamabwera amayamba ayang'ana pansi?

Vuto linali lakuti mkamwini safunsa apongozi maso ndi maso. Tikakumana panjira, mmodzi ankapatukira m'tchire. Ndinatuma mkazi wanga, ndipo anabwera ndi yankho lalifupi: "Akuti kanjedza anakwanira." Kukwanira kwake kuti, ngodya ina ili pamtetete? Kuyambira pamenepo ndinkapima masamba ndi chikhatho, a kumitanda ndi a kungodya yamasiye ija, kuti ndione amene Mulungu akuwakondera. Onse ankangokula mofanana, osandiuza kanthu.

Matalala anabwera masana ena fodya atandifika m'chiuno. Kumwamba kunada bii cha ku Zambia, kenaka kunayamba kugwa miyala yoyera. Ine, mutu utabalalika, ndinathamangira kumunda ndi masaka awiri, ati ndikafunditse fodya. Masaka awiri munda wonse! Mphenzi zinkang'anima mbali zonse, matalala akundiswa pamsana, mkazi wanga akukuwa kumudzi kuti ndibwerere.

Mvula itakata, masamba onse anali nsanza zokhazokha. Kumitanda nsanza, kungodya yamasiye nsanza. Yankho ndinalipeza, koma linandiwawa. Ndinakakhala m'chigafa chimene ndinamanga kuti ndidzayanikemo fodya, ndikuganiza za mmene ndidzatulukire m'mudzimo nditasenza mphasa, mkazi wanga ali ndi pakati.

Ndinamva mapazi. Apongozi anaima kuseri kwa nsanamira, atandifulatira monga mwa mwambo. Aka kanali koyamba kundilankhula okha.

"Bambo, ndamva mumafuna kudziwa za mtanda wachinayi."

"Eya, amayi," ndinayankha nditazolika.

"Tavulani chipewacho, mupapase m'kati mwa mpendero."

Chinali chipewa changa cha kumunda, chimene sindinkasiyana nacho. Ndinapapasa, ndipo chala chinakhudza kamtanda ka kanjedza kouma, kosokereredwa ndi ulusi wakuda. Ine wopima masamba tsiku ndi tsiku, nthawi yonseyi ndinkayenda nako pamutu.

"Fodya amafesanso," anatero apongozi. "Ine ndinaika mwamuna wanga m'manda chifukwa cha mphenzi, m'munda womwewo. Ndinapempha Mulungu kuti mwana wanga asadzaone zimene ndinaona ine. Mwabwera ndi miyendo yanu. Tiyeni kunyumba mukasinthe, mwanyowa."

Mpaka lero sindidziwa ngati kanjedza amatchinga mphenzi. Ndafunsapo akatekisiti, ndafunsapo abusa, aliyense amanena zake. Koma chaka chotsatira ndinafesa nazale m'dambo lomwe lija, chipewacho chili pamutu.