Malata Amene Atate Anakhoma

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amayi anaganiza zogulitsa nyumba yathu ya ku Silverest, kunja kwa mzinda wa Lusaka. Atate anali atamwalira, ndipo amayi ankafuna kanyumba kakang'ono pa boma la Chongwe, pafupi ndi msika ndi sukulu, kuti azigulitsa tomato ife tikuphunzira.

Ku Katete, kumene makolo anga anachokera, amayi anakula akudziwa kuti nthaka sigulitsidwa. Munthu akamasamuka ankagulitsa zimene anaikapo yekha: malata, zitseko, njerwa. Amayi ndimawaonabe m'maganizo ataima pabwalo, dzanja lili pachipumi, akuyang'ana denga limene atate anakhoma okha. Mtengo wa nyumba anautengera pamenepo basi. Bwalo lathu lalikulu, lofika mpaka kumsewu, silinawabwerere n'komwe m'mutu.

Anachitanso zonse mobisa, poopa kuti anzawo a kutchalitchi anganene kuti wamasiye wathamangira kudya chuma cha malemu. Amake Tisa okha, oyandikana nafe, ndi amene anaitulukira nkhaniyo.

"Amake Dailesi, yambani mwafunsa," anatero tsiku lina tikutunga madzi. "Simuona mamotoka ya ku Lusaka yamene yazunguluka kuno? Maploti yadula."

"Nifunse ndani? Mufuna anthu bonse banimvere?" anayankha amayi. "Nyumba ni yanga, niidziwa."

Amayi anga anali ouma mutu, ndipo akanena kamodzi, kwatha.

Wogula anabwera Loweruka pa galimoto yoyera. M'mawa wonse ndinali nditagwada ndikupaka polishi wofiira pansi mpaka mawondo kuwawa, koma bamboyo sanaponde n'komwe pakhonde. Anangozungulira malire a bwalo, manja ali m'thumba. Amayi atatchula mtengo, iye anayang'ana pansi pang'ono.

"Zili bwino, amai. Nizabwera mailo tisilize."

Sananenerere ngakhale pang'ono. Amayi, amene pa mulu wa tomato ankakangana ndi wogula mpaka thukuta, anati Mulungu watitumizira munthu wabwino. Mawa lake bamboyo anabweradi ndi ndalama.

Titapita ku Chongwe kukafuna kanyumba kaja, anthu ankangotiyang'ana mwachisoni. Ndalama zimene tinali nazo sizikanagula ngakhale malo opanda kanthu kuseri kwa msika. Tinakathera kwa amalume ku Bundabunda, m'nyumba yaudzu imene ankasungiramo chimanga, ndipo sukulu inali kutali kwambiri.

Patapita miyezi, tikuchokera ku Lusaka, amayi anati titsike pa Silverest tikaone kwathu. Nyumba panalibe. Bwalo linali litadulidwa zigawo, amisiri akukweza mipanda ya simenti. Pakona, malata athu aja anali atawaimika mozungulira dzenje, kukhala chimbudzi cha amisiriwo. Ndinawazindikira ndi utoto wobiriwira umene atate anapaka.

"Malata ya atate bako," anatero amayi chapansipansi. Anakhala pansi pafumbi, m'mbali mwa msewu. Mtima unandipweteka kwambiri.

Lero ndine wamkulu, ndipo ndikumvetsa kuti mtengo wa nyumba suchokera pa thukuta la amene anaimanga, koma pa chimene anthu akufuna pamalopo nthawi imeneyo. Amayi akanangofunsa anthu awiri kapena atatu, akanadziwa kuti wogula akufuna nthaka. Anaopa manyazi a tsiku limodzi. Anamwalira ku Bundabunda, pakhomo pa mlongo wawo, asanatsekenso chitseko chawochawo.