Masamba Oyanika Padenga

Inu amene mayeso anakugwetsani, nkhani yanu nayi.

Mtsikana wina analephera kawiri mayeso a zasayansi. Atabwerera kwawo anapeza makina osokera a mayi ake ataphimbidwa ndi nsalu ngati maliro. Mayiwo anali telala, koma nyamakazi inali itawadya mawondo moti kupalasa makina kunkawatulutsa misozi.

"Mwezi ukatha tigulitsa makinawa," anatero achimwene a mtsikanayo, kenaka n'kumutembenukira monyodola. "Kapena a Pulofesa muli ndi maganizo ena?"

Kuchipatala mayiwo anapatsidwa mapiritsi ndi kuphunzitsidwa kulimbitsa miyendo. Adokotala sanaletse tiyi wa masamba a mtengo wa chamwamba amene mayiwo ankamwa, koma anachenjeza kuti zitsamba sizibwezera mafupa operepeseka, mwina zingangochepetsako kutupa.

Koma panali chozizwitsa. Mayiwo ankati tiyi wa masiku amvula ndiye amawathandiza, wa masiku adzuwa ndi madzi otentha chabe. Mtengo womwewo, mphika womwewo. Chikusintha n'chiyani?

Mtsikanayo analuma mano. Anasintha madzi, anasintha mphika, anasintha nthawi yomwera, zonse akulemba kumapeto kwa kope la phunziro lomwe linamugwetsa lija. Milungu iwiri inatha, yankho osaoneka.

Tsiku lina anaona mayi ake akuponya masamba padenga lamalata kuti aume. Kukagwa mvula ankayanika m'nyumba!

Anakumbukira phunziro lina: masamba ena ali ndi mphamvu yoteteza thupi kuti lisachite ngati dzimbiri, ndipo mphamvu yomweyo imachedwetsa kuda kwa chipatso chodula. Funso limeneli ndi lomwe analilakwa pamayeso. Nzeru zina zimafika mayeso atatha.

Anadula peyala pakati. Mbali ina anaiviika m'madzi a masamba apadenga, inayo m'madzi a masamba apamthunzi.

"Eee, nawonso mapeyala ayamba nyamakazi?" anaseka achimwene.

Pofika masana, mbali ya masamba apadenga inali itada kale, inayo ikadali yobiriwira.

"Amayi, dzuwa likumayamba kumwa mankhwala anu inu musanamwe," anatero mtsikanayo.

"Ine ndimayesa ndikufulumizitsa!" anatero mayiwo atagwira pakamwa.

Kuyambira pamenepo masamba ankauma pamthunzi. M'mawa uliwonse mtsikanayo ankatambasula miyendo ya mayi ake, iwo akumunena kuti ndi wankhanza. Mapiritsi sanasiye.

Mwezi utatha, wogula anabwera ndi ngolo yake. Anapeza makina akulira, pang'onopang'ono, mopumira, koma akulira.

"Pepani bambo, mwavutika pachabe," anatero mayiwo osadzutsa mutu. "Ndili ndi oda ya jasi loyera."

"La ndani?" anafunsa achimwene.

"La a Pulofesa. Akukalemba mayeso kachitatu."

Kachitatuko anakhoza. Mawondo a mayi ake amawawabe kukazizira, koma nsalu ija sinabwererenso pamakina.

Mwagwa kawiri? Tsegulaninso kope lomwelo. Mtima wokhawo musautaye, chifukwa funso limene linakugwetsani dzulo mwina ndi lomwe likudikira kukudzutsani.